Kwa amene akufuna kuphunzitsa yoga kuno ku Kasungu

Mwezi sutha popanda munthu wondifunsa funso lomwelomweli, kaya pa WhatsApp, kaya tikupinda mikeka titamaliza phunziro la m'mawa, kaya tapanikizana mu minibasi ya ku Lilongwe momwe munthu ulibe kothawira: kodi inenso ndingatani kuti ndikhale mphunzitsi wa yoga? Ena ndi achinyamata amene analemba MSCE ndipo akungokhala pakhomo, ena ndi aphunzitsi ndi anamwino ofuna kopezera ndalama yapambali, ndipo ena anangoona pa Facebook zithunzi za anthu oima chadodolido m'mphepete mwa nyanja. Mayankho anga akhala akutalika kapena kufupika malinga ndi kutopa kwanga tsiku limenelo, choncho ndaganiza zolemba kamodzi kokha kuti wofunsa ndizingomulozera pano. Ndikulembera munthu amene adzaphunzitse kuno, pa boma, ku Mtunthama, ku Santhe, ku Chamama kapena ku Nkhamenya, chifukwa malangizo ambiri a pa intaneti analembedwera munthu wa ku London amene ophunzira ake amaidziwa kale yoga ndipo saiopa.

1. Yambani mwaichita nokha kwa chaka chathunthu.

Yoga inachokera ku India, ndipo dzinali ndi la chinenero chakale cha Sanskrit. Muzu wake ndi mawu otanthauza kumanga pamodzi, monga momwe goli limamangira ng'ombe ziwiri pangolo. Zopinda ndi kutambasula thupi zimene anthu amaona pa zithunzi zimatchedwa asana, ndipo ndi gawo limodzi chabe mwa magawo 8 amene analongosoledwa m'malemba akale a Patanjali otchedwa Yoga Sutra. Gawo lina ndi pranayama, kutanthauza kuwongolera kapumidwe, lina ndi dhyana, kutanthauza kusinkhasinkha mwakachetechete, pamene magawo awiri oyambirira, yama ndi niyama, ndi a makhalidwe monga kusapweteka ena, kunena zoona ndi kusaba. Mawu amenewa muwadziwe bwino, chifukwa tsiku lina mudzafunsidwa pagulu ndi munthu amene sakukufunirani zabwino.

Musanaganize za satifiketi, chitani yoga inuyo masiku 5 pa sabata, ngakhale kwa mphindi 30 zokha, mpaka chaka chizungulire. Ndikunena chaka chifukwa thupi limasintha ndi nyengo. Muyenera kudziwa momwe msana wanu umakanira m'mawa wa June pamene chisanu chaumitsa zala, momwe chizungulire chimabwerera mu October mukaweramuka mofulumira, ndi momwe chiuno chimakhalira tsiku loti mwachokera kobandira chimanga. Khalani ndi kope lolembamo zimene mwachita ndi pamene panawawa. Mukapeza mpata wopita ku Lilongwe, kalowe m'kalasi ya mphunzitsi wodziwa ngakhale kamodzi pa mwezi, popeza kanema wa pa YouTube saona kuti bondo lanu lapotokera mkati.

Cholakwika chofala pano ndi kuganiza kuti wofewa thupi ndiye mphunzitsi. Anthu obadwa ofewa nthawi zambiri amavutika kuphunzitsa, chifukwa sadziwa chimene chikumuvuta bambo wa zaka 55 amene manja ake amalekezera m'mawondo akawerama.

2. Sankhani maphunziro, ndipo mufufuze musanalipire.

Maphunziro oyambira amene amadziwika m'mayiko ambiri ndi a maola 200. Muyeso umenewu unafala chifukwa cha bungwe la ku America lotchedwa Yoga Alliance, limene linakhazikitsidwa mu 1999. Sukulu yolembetsedwa kumeneko imatchedwa RYS, ndipo munthu amene waphunzira pa sukulu yotere n'kulembetsa dzina lake amatchedwa RYT 200. Akawonjezera maola ena 300 amakhala RYT 500. Mumvetse bwino kuti bungweli limangosunga kaundula ndipo limalipiritsa chaka ndi chaka. Pepala lake si chilolezo cha boma lililonse, ndipo silikusandutsani wachipatala. Boma la India nalonso lili ndi njira yake kudzera ku Yoga Certification Board, imene ili pansi pa unduna woona za yoga ndi mankhwala achikhalidwe wotchedwa AYUSH, ndipo kumeneko munthu amayesedwa mayeso olemba ndi ochita.

Opita ku India ambiri amalunjika ku Rishikesh kapena ku Mysuru, komwe maola 200 amapanikizidwa m'mwezi umodzi. Kwa ife a kuno, ndege yokha imatha kudya ndalama za fodya wa chaka chonse, ndiye musathamangire kugulitsa ng'ombe za makolo. Yang'anani kaye pafupi. Ku Nairobi kuli bungwe la Africa Yoga Project, limene linayamba mu 2007 ndipo laphunzitsa achinyamata ochokera m'mayiko ambiri a mu Africa. Ku Lilongwe kuli ofesi ya kazembe wa India, ndipo nthawi yabwino yodziwana ndi anthu a ntchitoyi ndi pa 21 June, tsiku limene bungwe la United Nations linakhazikitsa mu December 2014 kuti likhale la yoga padziko lonse. Mukafika kumeneko funsani ngati pali mwayi wa maphunziro olipiriridwa ndi boma la India. Kuyambira nthawi ya Covid-19 mu 2020, sukulu zambiri zimaphunzitsanso pa intaneti, ndipo njira imeneyi ndi yotsikirapo mtengo, koma muwerengere ndalama za bandulo komanso kuthimathima kwa magetsi.

Musanatumize ngakhale tambala, funsani zinthu zitatu. Kodi dzina la sukuluyo likupezekadi m'kaundula wa bungwe limene ikudzitamandira nalo? Kodi ndi maola angati amene mudzakhale mukuonana ndi mphunzitsi maso ndi maso, ngakhale pa kanema, kusiyana ndi kungoonera zojambulidwa kale? Kodi mudzapatsidwa mpata wophunzitsa anthu enieni mphunzitsi akukuonani ndi kukudzudzulani? Sukulu yolonjeza satifiketi m'masiku atatu ndi chikomekome cha mkuyu. Maphunziro abwino amakhala ndi asana ndi kapumidwe, kapangidwe ka mafupa ndi minofu, mbiri ya yoga, makhalidwe a mphunzitsi ndi kaphunzitsidwe.

3. Phunzirani chithandizo choyamba, ndipo muzifunsa za matenda munthu asanaponde mkeka.

Maphunziro a chithandizo choyamba amaperekedwa ndi Malawi Red Cross Society komanso St John, ndipo satenga masiku ambiri. Musawadumphe.

Chofunika kwambiri ndi kufunsa. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita mothandizana ndi bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'dziko muno anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Zimenezi zikutanthauza kuti pa anthu 12 amene akhala pamaso panu, ena ali ndi BP ngakhale akuoneka athanzi. Munthu wotere sayenera kuima chadodolido kapena kusunga mutu pansi pa mtima kwa nthawi yaitali, sayenera kugwira mpweya, ndiponso sayenera kuchita kapumidwe kofulumira kotchedwa kapalabhati. Yemwe muyeso wake ukufika 140/90 kapena kupitirira apite kaye kuchipatala. Wodwala matenda a maso otchedwa glaucoma nayenso asazondoke. Mayi woyembekezera asagone chafufumimba, asapotoze mimba mwamphamvu, ndipo mimba ikakula asagone chagada nthawi yaitali, koma chammbali. Wa shuga amene amabaya insulin kapena kumwa mankhwala asabwere ndi njala, ndipo inu muzisunga shuga wa m'tiyi kapena chakumwa chotsekemera m'chikwama, chifukwa munthu akayamba kunjenjemera ndi kutuluka thukuta lozizira palibe nthawi yothamangira kugolosale. Funsaninso za khunyu, mphumu, opaleshoni ya posachedwa ndi kupweteka kwa msana kotsikira m'mwendo.

Mafunsowa afunsidwe pambali, osati pagulu, ndipo zimene mwamva zithere mwa inu. Mayi amene wakuuzani za matenda ake n'kuzimva kuchigayo sadzabweranso, ndipo anzake onse adzapita naye.

4. Dziwani pamene ntchito yanu ikulekezera.

Ambiri ondifunsa amafunanso kutchedwa ndi dzina lachingerezi lija la holistic wellness practitioner. Tanthauzo lake m'Chichewa ndi munthu wothandiza ena kusamalira moyo wawo wonse, osati chiwalo chimodzi: kayendedwe ka thupi, tulo, chakudya, nkhawa ndi kakhalidwe ndi anzawo. Ntchito imeneyi ndi yabwino ndipo ikufunika, koma dzinali lakhala chobisalamo cha ogulitsa zinthu. Mukhoza kukumbutsa anthu magulu 6 a zakudya amene alangizi a zaumoyo amaphunzitsa, omwe ndi zokhutitsa, zanyama, za mtundu wa nyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta, n'kuwaonetsa kuti bonongwe, chisoso, mtedza ndi soya zimene amazipeza m'minda mwawo zili m'magulu amenewa. Mukhoza kuwauza kuti achepetse mchere ndi mowa, ndi kuti WHO imalimbikitsa munthu wamkulu kuchita zolimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata. Mukhoza kuphunzitsa kapumidwe kodekha kwa munthu wosowa tulo.

Zimene simungachite ndi kutchula matenda amene munthu akudwala, kulonjeza machiritso, kapena kuuza munthu kuti asiye mankhwala. Yoga sichiza shuga, sichiza khansa, ndipo silowa m'malo mwa ma ARV kapena mankhwala a BP. Ochiza matenda amalembetsedwa ku Medical Council of Malawi, ndipo mankhwala, kuphatikizapo azitsamba ogulitsidwa m'mabotolo, ali m'manja mwa bungwe la boma loona za mankhwala la PMRA. Anthu ogulitsa tiyi "wotsuka m'thupi" ndi ufa wochepetsa thupi adzakupezani ndithu, chifukwa mwasonkhanitsa kale anthu okukhulupirirani, ndipo adzakulonjezani gawo lanu. Ine ndinakana ndipo ndimakanabe. Chiwindi ndi impso ndi zimene zimatsuka m'thupi, ndipo sizilipiritsa.

Komanso mukaphunzitsa anthu kukhala chete, ena amayamba kulira, ndipo pambuyo pake amakufotokozerani za ngongole ya katapila, za nkhanza za m'banja kapena za maganizo ofuna kudzipha. Mvetserani, koma musadziyese mlangizi wa matenda a maganizo. Munthu wonena zodzipha musamusiye yekha; muperekezeni kuchipatala cha boma tsiku lomwelo ndipo mudziwitse wachibale amene iye amamukhulupirira.

5. Pemphani malo m'mitima ya anthu musanapemphe holo.

Apa ndi pamene malangizo ena sanenapo kanthu, koma ndi pamene ambiri amagwera. Ine ndinagwapo. Nditangoyamba, ndinabwereka holo ya mpingo wina, ndinauza amayi angapo, ndipo sabata ziwiri zoyambirira zinayenda bwino. Sabata yachitatu ndinafika m'mawa, ndinasesa, ndinayala mikeka 14, ndipo panabwera anthu awiri. Mmodzi mwa iwo, mayi wachikulire, anadikira mnzakeyo atuluke, kenaka anandiuza motsitsa mawu kuti: "Mwananga, kunjaku kwaipa. Akuti mumatseka zitseko, mumagoneka anthu ngati mitembo, ndiye mumawauza kuti atsinzine. Akuti ndi zasataniki." Zitseko ndinkatsekadi, chifukwa cha fumbi ndi ana osuzumira. Kugona chagada kumapeto kwa phunziro kumatchedwa savasana, ndipo mnyamata wina anafufuza pa foni n'kupeza kuti mawuwo amatanthauzadi kagonedwe ka mtembo. Anapezanso kuti surya namaskar, mndandanda wa asana umene ndinkayambira nawo, umatanthauza kulonjera dzuwa. Palibe bodza limene ananena. Wolakwa ndinali ine, chifukwa anthu anamva zimenezi kwa iye m'malo mozimva kwa ine.

Mphekesera zotere musazitenge ngati nthabwala. Tonse tikukumbukira momwe nkhani ya anamapopa inaphetsera anthu osalakwa m'maboma a kum'mwera mu 2017. Kwathu kuno chinthu chochitikira kotseka chimatengedwa kuti chili ndi mwambo wake wachinsinsi ngati za kudambwe, ndipo amene sanalowemo amadzaza yekha zimene sakuzidziwa. Choncho tsatirani ndondomeko iyi musanayale mkeka ngakhale umodzi.

Choyamba, pitani kwa a mfumu a dera limene mukufuna kuphunzitsa, ndipo musapite nokha. Tengani munthu wamkulu wodziwika m'mudzimo kuti akakulankhulireni monga mwa mwambo, ndipo musapite chimanjamanja. Nditabwerera m'mbuyo n'kuchita zimenezi, a mfumu anandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka anafunsa funso limodzi: "Mwanawe, tiuze zoona. Zimenezi ndi zolimbitsa thupi kapena ukutibweretsera mpingo?" Ndinayankha kuti: "Zikomo a mfumu, mpingo ndili nawo kale wanga. Ndiloleni ndichite pompano pabwalo kuti muone ndi maso anu." Ndinavula nsapato n'kuchita kwa mphindi 10, nduna zawo zikuseka, ndipo mmodzi mwa iwo amene ankadandaula chiuno anadzuka n'kuyesa nawo. Kuonetsa kumeneko kunagwira ntchito kuposa mawu onse amene ndinakonzekera.

Chachiwiri, kaonaneni ndi abusa, ansembe ndi mashehe a m'deralo, aliyense payekha, ndipo kumeneko musaname. Chiyeso chachikulu ndi kunena kuti yoga ndi masewera chabe ndipo ilibe chochita ndi chipembedzo. Mawu amenewa ndi osavuta kuwatsutsa, chifukwa yoga inakulira pakati pa Ahindu, Abuda ndi Ajaini, ndipo mpaka lero pali anthu mamiliyoni amene amaichita ngati mbali ya kupembedza kwawo. Nenani zimenezi inuyo poyamba, kenaka mulongosole chimene inu mukuphunzitsa: kutambasula ndi kulimbitsa thupi, kupuma mwadongosolo ndi kupumula, popanda pemphero kwa mulungu aliyense. Musabisenso dzina la yoga n'kumalengeza kuti ndi "kudziwongola" kokha. Ena amachita zimenezi kuti apewe mafunso, koma tsiku limene dzina lenileni lidzatuluke, funso lidzakhala lakuti munabisiranji.

Chachitatu, gamulani nokha, musanafunsidwe, zimene muzichita ndi zimene muzisiya. Kumaphunziro mudzaphunzitsidwa kuimba liwu la Om, kutchula mantra, omwe ndi mawu opatulika obwerezedwabwerezedwa, ndi kutsanzikana ndi mawu akuti namaste manja ali pachifuwa. Aphunzitsi ena amaona kuti kuchotsa zimenezi n'kuilanda yoga mwini wake, ndipo mfundo yawo ndimaimva. Koma ine m'kalasi mwanga mulibe Om, mulibe lubani, mulibe makandulo kapena zifanizo, ndipo timatsanzikana ndi zikomo wathu yemweyu. Mayina a Sanskrit ndimawatchula kamodzi n'kumasulira tanthauzo lake, kuti pasakhale wodzawatulukira kumbali. Za surya namaskar ndimanena poyera chimene dzinalo limatanthauza, ndipo amene mtima wake sukumulola amachita mndandanda wina. Pa nthawi yokhala chete ndimawauza kuti Mkhristu akhoza kupemphera mumtima mwake, Msilamu chimodzimodzi, ndipo wina akhoza kungowerenga mpweya wake. Zitseko ndi mazenera zimakhala zotsegula, fumbi lilowe, ndipo aliyense wodutsa ali ndi ufulu wokhala pabenchi n'kuonerera.

Chachinayi, landirani kukanidwa. Pali mipingo imene idzakane ngakhale mulongosole bwanji, ndipo ili ndi ufulu wotero. Abusa ena anandiuza mwaulemu kuti: "Tamva, koma nkhosa zathu ayi." Ndinathokoza n'kutuluka. Musatsutsane nawo pa Facebook, musawatche osaphunzira, ndipo musakope anthu awo mwamseri. Wobwera abwere masana, akudziwa chimene mpingo wake ukunena.

Pali zinanso zing'onozing'ono zimene zimamanga kapena kugwetsa mbiri. Zovala zothina zimene mumaziona pa intaneti zisiyeni; buluku lotayirira ndi malaya aatali zimakwanira, ndipo amayi ambiri amamasuka akamanga chitenje pamwamba pake. Poyamba gawani kalasi ya amayi payokha ndi ya abambo payokha, popeza mayi sangawerame momasuka apongozi ake ali kumbuyo. Kumaphunziro mudzaphunzira kuwongola wophunzira ndi manja, koma kuno musagwire munthu musanapemphe, ndipo ngati ndinu mwamuna wophunzitsa amayi musagwire n'komwe. Gwiritsani ntchito mawu ndi chitsanzo. Amuna awo a amayiwo aitaneni adzaonerere tsiku loyamba. Ana asaphunzire popanda chilolezo cha makolo, ndipo pazikhala munthu wina wamkulu. Musaike phunziro Lamlungu m'mawa kapena Lachisanu masana, ndipo mukumbukire kuti a Seventh Day sadzabwera Loweruka. M'mudzi mukagwa maliro phunziro liime, ndipo inuyo mukapezeke pasiwa ndi kumanda, chifukwa anthu amaona amene wabwera ndi amene sanabwere.

6. Pezani malo ndi zipangizo zosadula.

Kalasi ya sukulu ana akaweruka, holo ya mpingo umene wakulandirani kapena mthunzi wa mtengo wa mango pamalo osalala ndi zokwanira. Mphasa kapena mkeka umagwira ntchito, bola usaterereke pa simenti yopolishidwa. Pansi pa mawondo pindani bulangete. Chitenje chimalowa m'malo mwa lamba wokokera mwendo, ndipo kalipentala aliyense wa pamsika akhoza kukudulirani zidutswa za thabwa zazikulu ngati njerwa zoti anthu azitsamirapo manja. Mipando iwiri kapena itatu yolimba ikhalepo chifukwa cha achikulire.

7. Phunzitsani m'Chichewa, ndipo muphunzitse matupi amene ali pamaso panu.

Yambani ndi anthu 5 kapena 6 amene mukuwadziwa, kwaulere, kwa miyezi iwiri kapena itatu. Chimene chidzakudabwitseni n'chakuti zonse munaziphunzira m'Chingerezi ndipo pakamwa padzauma. Khalani pansi ndi kope mulembe malangizo anu m'Chichewa chomveka: pondani ndi phazi lonse, bondo lisapitirire chala chachikulu, talikitsani msana ngati mwasenza ndowa yodzaza, kokani mpweya ndi mphuno mpaka nthiti zitambasuke, tulutsani pang'onopang'ono ngati mukuuzira phala la mwana. Mukawanena mokweza nokha kunyumba mudzamva amene akulemera. Ngati mukaphunzitse chakumpoto kwa boma lino, cha ku Nkhamenya, konzekeraninso Chitumbuka.

Phunziro la ola limodzi ndimaligawa motere: mphindi 5 zokhala pansi ndi kupuma, mphindi 10 zotenthetsa khosi, mapewa ndi chiuno, theka la ola la asana zoimirira kenaka zapansi, ndipo zotsalazo ndi kupumula chagada. Koma zochita zenizeni zimadalira ntchito ya anthuwo. Mlimi amene wakhala chowerama ndi khasu kuyambira m'mamawa, kapena amene wakhala pansi tsiku lonse akusoka fodya, safunika kuweramitsidwanso. Amafunika kutsegula chifuwa, kupindira msana kumbuyo pang'ono ndi kulimbitsa minofu ya pamimba. Wa kabaza amakhala ndi ntchafu zolimba koma zomangika. Mayi wosenza madzi ndi nkhuni khosi lake lanyamula kale zokwanira, choncho musamuimitse ndi mutu. Wa mu ofesi ndi wa kubanki vuto lake ndi mapewa ndi m'chiuno. Amayi ambiri a kumudzi amakhala pansi miyendo ili chitambasulire, msana uli chilili, kwa maola, chinthu chimene ophunzira a ku Ulaya amachivutikira zaka. Musawataitse nthawi pa zimene akuzitha kale.

Uzani anthu kusiyana kwa kukoka ndi kubaya. Minofu ikamakoka pang'ono palibe vuto, koma ululu wobaya m'bondo, m'khosi kapena pamsana, dzanzi, chizungulire kapena kubanika ndi chizindikiro choti aleke pomwepo. Anthu athu amapirira ndipo amachita manyazi kuoneka ofooka pamaso pa anzawo, makamaka abambo, ndiye muziyang'ana nkhope zawo m'malo modikira kuti anene.

8. Konzani za mapepala ndi ndalama.

Mukayamba kulipiritsa, lembetsani dzina la bizinesi ku ofesi ya boma yolembetsa mabizinesi, tengani nambala ya msonkho ku MRA, ndipo mufunse kukhonsolo za chiphaso chochitira bizinesi. Mapepalawa ndi amene adzafunsidwe tsiku limene sukulu, bungwe kapena malo ogona alendo adzafune kukulembani ganyu, ndipo ganyu zoterezi ndi zimene zimalipira bwino kuposa kalasi ya tsiku ndi tsiku. Kopitani kalata zanu m'masukulu a sekondale, m'mabungwe a pa boma ndi m'malo ofikira alendo opita ku Kasungu National Park. Lembaninso maola onse amene mwaphunzitsa, tsiku ndi malo, chifukwa a Yoga Alliance amafuna maola 1,000 ndi zaka ziwiri za kuphunzitsa munthu asanatchedwe E-RYT 200, kutanthauza mphunzitsi wozama pa ntchito, ndipo maola osalembedwa sakumbukika.

Lipiritsani pa mwezi, ndalama ilowe kumayambiriro kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba. Mukalola zoti "ndidzapereka mawa", mudzataya ndalamayo pamodzi ndi wophunzirayo, chifukwa wangongole amayamba kudutsa njira ina. Amene alibe ndalama koma ali ndi mtedza, chimanga kapena nkhuku, gwirizanani mtengo ndipo mulandire. Ine ndimasiyanso malo awiri aulere m'kalasi iliyonse kwa achikulire.

Ntchito imene muli nayo pano musaisiye. Ndalama ku Kasungu imayenda ndi munda: kuyambira April, msika wa fodya ukatsegulidwa ndipo soya ndi mtedza zikayamba kugulitsidwa, kalasi imadzaza mpaka cha mu August. Mvula ikagwa anthu amapita kumunda, ndipo amene amalandira malipiro a pamwezi ndalama zawo zimathera ku feteleza ndi fizi. Mu January ndi February ndimatsala ndi anthu anayi kapena asanu. Miyezi imeneyo holo ndimaibweza kuti ndisamalipire malo opanda anthu, timasamukira pakhonde la kunyumba kwanga, phunziro ndimalisunthira madzulo anthu ataweruka kumunda, ndipo eni holo ndimawauziratu kuti andisungire Lachiwiri ndi Lachinayi kuyambira sabata yoyamba ya April.